Mitundu Imene Pepala Likana

Yense amene anajambulapo amayi pa siteshoni ya Nayuchi, pomwe njanji yochokera ku Nkaya, yotsegulidwa mu 1970, imalowera ku Mozambique, adziwa kuti buluu wa chitenje ndi kubiriwira kwa mpunga wa m'madambo a Chilwa, zimene zimanyezimira pa galasi la foni, zimatuluka zozilala zikasindikizidwa pa kalendala ku Liwonde kaya ku Balaka. Ndipo ambiri amaloza chala wosindikiza, pomwe iye alibe mlandu.

Pakuti galasi limapanga mitundu ndi kuwala kutatu, kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kumene amisiri amati RGB. Koma makina osindikizira amathira inki zinayi, CMYK, ndipo inki ilibe kuwala kwakekwake, imangobweza kumene yalandira. Malire a mitundu imene chipangizo chingathe kuonetsa ndiwo gamut, ndipo mtundu wogwera kunja kwa malire a inki, ngakhale mmisiri achite khama lotani, pepala silidzaubala. Chifukwa chake bungwe la ICC, lokhazikitsidwa mu 1993, linakonza profile, kaundula wofotokoza malire a makina, inki ndi pepala.

Njira zodziwika zolowetsera mitundu yakunjayi m'malire a inki ndi ziwiri. Ya relative colorimetric imasiya mitundu ya m'kati monga ili, nikankhira yakunja pamalire. Nkhope zimakhala zoona, koma makwinya a chitenje, amene anali mabuluu osiyana atatu kapena anayi, amasanduka banga limodzi lopanda moyo. Ya perceptual imasuntha mitundu yonse pang'onopang'ono, monga apaulendo asunthirana pampando wa sitima kuti wobwera mochedwa akhale nawo. Chithunzi chimazilala ndithu, komatu ulusi ndi mthunzi wa nsalu zimapulumuka. Ine ndiima ndi yachiwiriyi pa chithunzi chochuluka zitenje, popeza diso limakhululukira buluu wofooka koma silikhululukira nsalu yopanda makwinya. Wofuna kusunga zonse akumbuke kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsono inu ojambula, musanapereke ndalama, pemphani profile ya wosindikiza wanu, muyatse gamut warning mu pulogalamu ya Photoshop kuti muone malo amene inki idzalephera, muchepetse ukali wa mtundu pamalo okhawo, ndipo muumirire kuona pepala limodzi loyesera asanasindikize onse.