Timitengo ta Ngongole ndi Nsanja ya Big Ben

Aliyense amene adaonapo chithunzi cha mzinda wa London, kaya pa chitini cha mabisiketi kaya pa kalendala yakale ya m'sitolo, adaiona nsanja yaitali ya wotchi imene yaima m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, pambali pa nyumba ya malamulo ya Britain, chinyumba cha nsonga zambirimbiri zoloza kumwamba. Ndipo ambiri, poona maonekedwe ake aukalamba, amayesa kuti idamangidwa m'masiku a mafumu ovala malaya achitsulo. Koma wotchi ya pansanjapo idayamba kuyenda m'chaka cha 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone adafika pa nyanja yathu ya Malawi. Nyumbayo ndi mwana wovala mkanjo wa agogo ake, ndipo mbiri ya mkanjowo iyenera kuyambira pa moto.

Kuyambira kalekale, osunga chuma cha mfumu ya ku England ankalemba ngongole ndi misonkho pa timitengo: ankasema timipata pakamtengo monga mwa kuchuluka kwa ndalama, kenaka n'kukang'amba pakati, chibanthu china kupita ndi wolipira, china kutsala ndi boma, kuti pa tsiku lowerengerana zibanthu ziwirizo zilumikizidwe ndi kuchitira umboni. Nzeru yake siisiyana kwenikweni ndi ya makolo athu amene ankawerenga masiku pomanga mfundo pachingwe. Mwambowu udatha mu 1826, koma timitengoto tidatsala mulu, kufikira pa 16 Okutobala 1834 pamene antchito awiri adalamulidwa kutentha ngolo ziwiri za timitengoto m'ng'anjo zofunditsa chipinda cha House of Lords. Adasonkheza tsiku lonse osaleka. Alendo amene adabwera kudzaona chipindacho masana adadandaula za utsi ndi za kutentha kwa pansi kumene kunkapyola nsapato zao, koma mayi woyang'anira nyumbayo adatseka zitseko napita. Ndipo dzuwa litangolowa malawi adabuka, nanyeketsa pafupifupi nyumba yonse ya malamulo ya Britain usiku umodzi, khamu la anthu likupenyerera pamilatho ndi m'mabwato. Chimene chidapulumuka ndi chipinda chachikulu cha Westminster Hall, chomangidwa mu 1097, pamodzi ndi zigawo zina zochepa. Palibe munthu amene adafa.

Pofuna nyumba yatsopano, aphungu adaika mpikisano wa mapulani, nalamula kuti mamangidwe ake akhale a Gothic kapena a m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Kuti timve kulemera kwa lamulo limeneli tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 700.

Mamangidwe a Gothic adabadwira ku France, pa tchalitchi cha amonke cha Saint-Denis pafupi ndi Paris, chimene mkulu wa amonkewo, Suger, adachikonzanso, ndipo chigawo chake chatsopano chidadalitsidwa mu 1144. Amisiri a nthawiyo adasonkhanitsa nzeru zitatu. Pamwamba pa khomo ndi zenera adaleka kupinda miyala mozungulira ngati mwezi wa theka, nayamba kuipinda ngati mauta awiri oyedzamirana nsonga, chifukwa chipata chosongoka chotere chimatsitsa kulemera kwa denga molunjika pansi osakankha makoma kwambiri. Kudenga adayala nthiti za miyala zopingasana, monga phaso lisenzera udzu. Ndipo kunja kwa nyumba adaimika michirikizo ya miyala yotambasula mkono kukagwira khoma m'mwamba, monga mlimi achirikiza ndi mphanda nthochi yolemedwa ndi mkoko wake. Makoma atapepukidwa katundu motero, kudatheka kuwaboola mazenera aakulu a magalasi amitundumitundu, kotero kuti munthu wosadziwa kuwerenga ankalowa m'nyumba ya Mulungu naona nkhani za m'Malembo zikuwala pamwamba pake. Eni ake sadautche Gothic mmangidwe umenewu. Dzinalo ndi chitonzo cha akatswiri a ku Italy a zaka za m'ma 1500, amene pokonda nsanamira ndi miyeso ya Agiriki ndi Aroma, ankati nyumba zosongokazo n'zoyenera Agoth, mtundu umene udafunkha mzinda wa Roma mu 410. Chitonzocho chidakakamira, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 munthu wophunzira ankachita manyazi kumanga motero.

Amene adaukitsa mmangidwewu poyamba sadali anthu opembedza, koma anthu olemera ofuna chosewera nacho. Horace Walpole, mwana wa Robert Walpole amene amatchedwa nduna yaikulu yoyamba ya Britain, adayamba mu 1749 kusandutsa kanyumba kake ka ku Twickenham, kotchedwa Strawberry Hill, kukhala kalinga ka m'nthano, ka tinsanja ndi mazenera osongoka. Koma zokongoletsa zina za kudenga zidali za mapepala oponda ndi guluu, ndipo malo osonkhapo moto adawakopera ku manda a mabishopu ndi akalonga. Woposa onse adali William Beckford, amene chuma chake chidachokera ku thukuta ndi misozi ya akapolo a m'minda ya nzimbe ku Jamaica. Kuyambira 1796 iye ndi mmisiri James Wyatt adamanga Fonthill Abbey, nyumba yokhalamo munthu mmodzi koma yooneka ngati ya amonke mazana, ya nsanja yotalika mamita pafupifupi 90, antchito akugwira usana ndi usiku pa kuwala kwa miuni chifukwa mwini wake sadafune kudikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Beckford atamira m'ngongole adaigulitsa nyumbayo, ndipo pa 21 Disembala 1825 nsanja ija, imene maziko ake sadayalidwe monga kudayenera, idagwa niphwanya mbali yaikulu ya nyumba. Ngakhale mfumu idachita nao masewerawa: pokonzanso linga la Windsor kuyambira 1824, Jeffry Wyatville adakweza nsanja yake yozungulira ndi mamita ngati 9, osati kuti mdani alephere kukwera, pakuti mdani padalibe, koma kuti ioneke bwino kwa woyang'ana ali kutali.

Tsono aphungu a ku Westminster sadasankhe Gothic chifukwa cha masewera. M'masiku amenewo nsanamira za Chigiriki ndi Chiroma zinkakumbutsa anthu za kuukira kwa ku France kumene kudadula mutu wa mfumu, ndi za dziko la America limene lidakana ufumu. Pamene zipata zosongoka zinkaoneka ngati chuma cha makolo a Angerezi, cha m'masiku amene nyumba ya malamulo idabadwa. Pa mapulani 97 amene adaperekedwa, adapambana mu 1836 ndi a Charles Barry, mmisiri wanzeru pa kuyala zipinda ndi makonde, koma amene dzanja lake lidazolowera mamangidwe a ku Italy. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, Barry adalemba ganyu mnyamata wa zaka 23, Augustus Welby Pugin, kuti amjambulire mapulaniwo.

Pugin ameneyu ndiye mwini nkhani yathu. Adabadwa mu 1812, bambo wake ali Mfalansa wothawira ku England, ndipo adakula akujambula matchalitchi akale mwala ndi mwala. Atalowa mpingo wa Katolika ali mnyamata, adayamba kulalikira ndi cholembera chake kuti chipata chosongoka si chokongoletsa chabe ai, koma ndicho mmangidwe woona wa Chikhristu, ndi kuti nyumba imaulula mtima wa anthu amene adaimanga. M'buku lake lotchedwa Contrasts, limene lidatuluka mu 1836 nilisindikizidwanso ndi zithunzi zoonjezera mu 1841, adaika zithunzi ziwiriziwiri moyang'anana: uku mzinda wa mu 1440 wodzala ndi nsanja za matchalitchi, uko mzinda womwewo mu 1840 wodzala ndi machumuni a mafakitale ndi ndende, uku amphawi akudyetsedwa ndi amonke, uko amphawi akutsekeredwa ngati akaidi. Kunena zoona, Pugin adakometsa zakale kuposa mmene zidaliri, pakuti m'zaka zimene ankazilirazo mudalinso mliri, njala ndi nkhanza za eni malo. Koma pa chinthu chimodzi adalasa: adaphunzitsa kuti nyumba isanene bodza, kuti mtengo usapakidwe utoto kuti uoneke ngati mwala, ndi kuti chokongoletsa chikhale pa chinthu chimene chikugwira ntchito yochirikiza nyumba, osati chomata pamwamba pobisa kufooka. Wina aliyense amene adaonapo khoma la njerwa zosapsa litabisidwa ndi pulasitala wosalala adzamvetsa chimene munthuyu ankadana nacho.

Mwala woyamba wa nyumba yatsopano udaikidwa pa 27 Epulo 1840 ndi mkazi wa Barry. Ntchito imene adaiyesa ya zaka 6 idatha zaka zoposa 30, ndipo ndalama zake, zimene adaziwerengera kuti zidzapitirira pang'ono mapaundi 700,000, zidapyola mapaundi 2 miliyoni. Barry adayala thupi la nyumba, la zipinda zoposa 1,100; Pugin adaiveka, najambula ndi dzanja lake mpando wachifumu, mipando ya aphungu, matailosi a pansi, mapepala a m'makoma, magalasi, zogwirira zitseko, ngakhale timabotolo ta inki ndi pokoleka zipewa. Komabe mtima wake sudakhutire, ndipo akuti tsiku lina podutsa pamtsinje adailoza nyumbayo nanena kuti thupi lake ndi la Chigiriki ndithu, langovala zovala za makolo. M'nyumba imeneyi, m'chipinda cha aphungu chimene chidamangidwanso bomba la Ajeremani litachiphwanya mu 1941, ndimo mudakambidwa lipoti la Devlin la za Nyasaland mu 1959, ndimonso mudavomerezedwa lamulo la ufulu wa Malawi mu 1964.

Chodabwitsa n'chakuti pamene Angerezi ankati Gothic ndi wa makolo ao, Ajeremani naonso ankalumbira kuti ndi wa makolo ao. Mumzinda wa Cologne mudali tchalitchi chachikulu cha bishopu chimene chidayambidwa mu 1248 koma chidasiyidwa panjira, ndipo makina amatabwa okwezera miyala adakhala pamwamba pa nsanja yosatha kwa zaka ngati 400, mibadwo ikubadwa ndi kufa pansi pake, mpaka adasanduka chizindikiro cha mzindawo. Napoleon atagonja, mtima wokonda dziko utayaka, pulani yakale ya kumaso kwa tchalitchicho idapezeka m'zidutswa ziwiri, china ku Darmstadt mu 1814, china ku Paris mu 1816. Mfumu Friedrich Wilhelm IV ya ku Prussia, ngakhale sidali Mkatolika, idaika mwala woyambiranso ntchito mu 1842, ndipo tchalitchicho chidatha mu 1880, patapita zaka 632 chiyambire, nsanja zake ziwiri zitafika mamita 157, kuposa nyumba ina iliyonse padziko pa nthawiyo. Ntchito ili m'kati, akatswiri adazindikira kuti amisiri a mu 1248 adatengera chitsanzo ku tchalitchi cha Amiens, ku France komwe kuja kwa adani ao. Koma njerwa ikalowa m'khoma siitulukanso, ndipo adapitiriza kumanga, denga lake nalichirikiza ndi zitsulo za m'fakitale zimene makolo aja sadazilote n'komwe. Afalansa eni ake adali ndi Eugène Viollet-le-Duc, amene adakonzanso malinga a Carcassonne ndi tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris. Kansanja kosongoka kamene dziko lonse lidakaona kakugwa m'moto pa 15 Epulo 2019, ambiri akulira kuti kapita ka zaka 800, kadali kake ka iyeyu, ka m'ma 1859.

Kuchokera apo mmangidwewu udafalikira ngati moto wa lupsa, nufika pa nyumba ya malamulo ya ku Budapest, pa siteshoni ya St Pancras ku London, ndi pa siteshoni yaikulu ya sitima ku Bombay. Kuno kwathu udadza ndi amishoni a UMCA, ana a chitsitsimutso cha ku Oxford ndi Cambridge chimene chinkafuna kubwezera mu mpingo wa Anglican miyambo ndi nyumba za Chikhristu chakale. Iwo adamanga tchalitchi chachikulu ku Zanzibar pamalo pamene padali msika wa akapolo, ndipo pachilumba cha Likoma, pamalo otchedwa Chipyela pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti, Bishopu Trower adaika mwala wa maziko a tchalitchi cha Petro Woyera mu 1903, mmisiri wake ali Frank George, omanga ndi osenza miyala ali anthu a pachilumba pomwepo. Tchalitchicho, chotalika mamita pafupifupi 100 ndi chofoleredwa ndi malata, sichitsata malamulo a Pugin m'zonse. Koma kuyalidwa kwake ngati mtanda, nsanja zake, magalasi ake ndi khonde lake lozungulira bwalo monga la amonke zidachokera m'chitsime chimodzimodzicho.

Pugin sadaone chilichonse cha izi. Pa zaka zosakwana 20 adamanga matchalitchi ambirimbiri, chokongola koposa chili cha St Giles ku Cheadle, naika akazi awiri m'manda, namanganso ndi ndalama za m'thumba mwake tchalitchi cha St Augustine pafupi ndi nyumba yake ku Ramsgate, akugona pang'ono ndi kujambula mpaka maso kuchita chidima. Mu Febuluwale 1852 Mfumukazi Victoria idapatsa Barry ulemu wa Sir chifukwa cha nyumba ya malamulo, dzina la Pugin losatchulidwa. Ndipo mwezi womwewo, atangopereka kwa Barry zojambula za nsanja ya wotchi ija, mutu wa Pugin udasokonezeka, natsekeredwa kwa kanthawi m'chipatala cha amisala cha Bethlem. Mkazi wake wachitatu, Jane, adamtenga kupita naye kwao ku Ramsgate, kumene adamwalira pa 14 Sepitembala 1852 ali ndi zaka 40. Tsiku lomwelo adamwaliranso Duke of Wellington, ngwazi imene idagonjetsa Napoleon, ndipo nyuzipepala zidadzala ndi maliro a ngwaziyo. Pugin adaikidwa m'tchalitchi chake chomwe, mfumukazi nipatsa wamasiye wake mapaundi 100 pachaka, ndipo belu la matani 13 la m'nsanja imene adaijambula, lotchedwa Big Ben, lidayamba kulira patapita zaka 7.