Kuchokera pa nyali ya Tilley kufika pa LED: nkhani ya timababu tomwe tinapsa

Leroli ndi yaitali pang'ono, pezani pokhala.

Sabata yatha msuweni wanga anaotcha timababu 10 ta LED nthawi imodzi. Anapanga nyali ziwiri zowalitsira mbande za tomato m'chipinda, ina yofiira ina ya buluu, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama anagula driver imodzi n'kuika switchi pakati kuti azisinthasintha. Atangodina, kuwala kunangoti ng'ani, basi zii. Iye akuti anamugulitsa zabodza. Ine ndikuti ayi aise, ndipo kuti timvetsane tiyambire kutali.

Ife tinakula tikuona nyali za Tilley. Siginala amakhala m'bwato lake usiku wopanda mwezi, nyali zili pamwamba pa madzi, usipa n'kumasonkhana, kenako anzake n'kuzinga ndi chilimira. Bambo anga ankati ndalama ya usipa imayamba yadyedwa ndi palafini isanafike kunyumba. Kupopa, kusintha kansalu koyakira, galasi kusweka mwera ukaomba. Lero ambiri tikupha usipa ndi mababu a LED ndi batire. Koma kababu kameneka kanayenda zaka pafupifupi 100 kasanatipeze.

Mu 1907, H. J. Round wa ku England anaona kuti mwala wina wotchedwa silicon carbide umawala pang'ono ukaugunditsa magetsi. Analemba mwachidule n'kuzisiya. M'zaka za m'ma 1920, mnyamata wa ku Russia, Oleg Losev, anafufuza zomwezo mozama, koma dziko silinamumvere. Anamwalira ndi njala mu 1942 mumzinda wa Leningrad utazingidwa ndi asilikali a Germany.

Mu 1962, Nick Holonyak wa ku kampani ya General Electric ku America anapanga LED yofiira. Mu 1972, George Craford anatulutsa yachikasu. Koma zonsezi zinali tonyezimira ta pa wailesi basi, zosati n'kuunikira nyumba, kaya kuitana usipa. Chomwe chinkasowa chinali buluu. Popanda buluu, kuwala koyera sikutheka.

Makampani akuluakulu anayesa n'kulephera kwa zaka pafupifupi 30. Amene anakakamira anali a ku Japan. Isamu Akasaki ndi wophunzira wake Hiroshi Amano a ku Nagoya anatsegula njira mu 1989 pogwiritsa ntchito gallium nitride, chinthu chomwe ambiri anali atachitaya kale. Kenako mu 1993, Shuji Nakamura wa ku kampani ya Nichia anatulutsa buluu wowala kwambiri. Mukudziwa bonasi yomwe anamupatsa? Ma yen 20,000, ndalama yosakwana ngakhale kugula injini ya boti. Anakasuma, ndipo mu 2005 anagwirizana kuti alandire ma yen 840 miliyoni. Mu 2014 atatuwa analandira mphoto ya Nobel. Holonyak, mwini yofiira uja, anamwalira mu 2022 osailandira.

Babu loyera lomwe lili m'bwato mwanumo ndi buluu yemweyo, angomupaka kaufa kachikasu pamwamba. Yang'anani likakhala lozima, muona kachikasuko.

Nanga za mbewu zinabwera bwanji? Masamba amadya kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu. N'chifukwa chake nyali zolerera mbewu zimaoneka ngati pepo. A NASA ndi a yunivesite ya Wisconsin ndi ena mwa omwe anayamba kuyesa zimenezi, pofuna chakudya cha anthu opita mumlengalenga. Mu 1995 analima mbatata ya kachewere m'chombo cha Columbia, ndipo mu Ogasiti 2015 anthu a pa International Space Station anadya letesi wolimidwa komweko ndi LED. Poyamba ankadalira zofiira, koma anaona kuti popanda buluu pang'ono mbewu zimangotalika zowondawonda.

Tsopano tibwerere kwa msuweni. LED siili ngati babu lakale lija loti ungolumikiza. Ikapatsidwa mphamvu yopitirira pang'ono pokha, imameza magetsi mopanda malire mpaka kupsa. Ndiye imafuna woiyendetsa, driver, osati wa minibasi ayi, kabokosi kaja. Ntchito yake n'kukankha mlingo umodzi wa magetsi, tinene 700 mA, n'kumakweza kapena kutsitsa mavoti malinga ndi mababu omwe alipo.

Vuto lili apa. Ukachotsa mababu driver ili chiyakire, iyo imaona ngati njira yatsekeka, ndiye imakweza mavoti mpaka pamapeto pake pofuna kukankha. Mkati mwake muli capacitor, kankhokwe ka magetsi, ndipo kamadzadza. Switchi ikafika ku nyali inayo, zonsezo zimakhuthukira m'mababu kamodzin'kamodzi, driver isanadzigwire. Zili ngati kutseka paipi ndi chala kenako n'kuchotsa. Kababu kofiira kamafuna mavoti 2 ndi pang'ono, ka buluu pafupifupi 3. Ofiira 10 olumikizidwa mondondozana akufuna mavoti ngati 22 okha. Tsono driver yofika 48 ikawakhuthulira zake zonse, mukuganiza atsala? N'zomwe zinachitika, ndipo zomwe zinapsa ndi zofiira zomwe.

Kodi ndiye kuti driver imodzi singatumikire nyali ziwiri? Ingathe, koma mwa dongosolo. Yamba wazimitsa kukhoma, kumene driver imalandirira magetsi. Dikira timababu tizimiretu, uwerenge pang'onopang'ono mpaka 30, kenako sintha switchi, ndiye uyatse. Werenga zolembedwa pa driver: nyali iliyonse payokha mavoti ake akhale pakati pa manambala awiri olembedwapo, ndipo mababu ake akhale oti angapirire ma mA amenewo. Usalumikize yofiira ndi ya buluu mbali ndi mbali pa driver imodzi, chifukwa magetsi onse athamangira kofiira, kofuna mavoti ochepa. Ngati mavoti a zonse pamodzi akukwana, zilumikize mondondozana ziziyakira limodzi, ndipo mbewu zimakonda choncho. Apo ayi gula driver yachiwiri, imatchipa kuposa kugula mababu kawiri. Ndipo mbali ya kukhoma ndi mavoti 230, amapha. Manja onyowa a kunyanjawa asayandikire, itanani wodziwa za magetsi.

Mababu a m'bwato a mavoti 12 aja musawaope, ali ndi choletsa chawo mkati, n'chifukwa chake timangowagwiritsa ku batire. Koma mukawaphwasula kuti mupangire zina, dziwani kuti mwachotsa mlonda.

Msuweni ndinamuuzanso chilungamo: kuno dzuwa n'laulere, nyali zimenezi zimapindulitsa kwambiri kumaiko ngati Netherlands komwe nyengo yozizira usana umafupika. Iye akuti pabwalo nkhuku ndi mbuzi zimamuthera mbande. Chabwino, wagula mababu ena, ndipo pa switchi walembapo ndi penti kuti yamba wazimitsa.

Tumizirani aliyense amene amakonda kuseweretsa mawaya, asanaotche zake.