Pakamwa Pakaopa, Chithunzi Chimanena

Wophunzira luso lojambula asaganize kuti kudzudzula ndi chithunzi kudabwera ndi nyuzipepala. Ku Msundwe, Namitete ndi Nsaru, Achewa adayamba kale kulanga makhalidwe oipa kudzera m'nkhope za Gule Wamkulu. Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ankanyogodola atsamunda pabwalo anthu akuseka.

Lamulo lopima zofalitsa la 1968 litatseka anthu pakamwa, Brian Hara ankaseketsa owerenga Malawi News ndi Pewani, kuwaonetsa zofooka zawo popanda kutchula munthu. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, chithunzi chidasanduka voti: tambala wakuda kapena nyali. Nyali idapambana, ngakhale Chigawo Chapakati chidakakamira tambala.

Mu Okutobala 2019, apolisi adagwirira amayi ndi atsikana ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Mu 2020 Khothi Lalikulu lidalamula kuti amayi 18 alandire chipepeso. Nkhani yotere ndi yolemera pakamwa. Apa ndiye pali ntchito ya wojambula wa lero: kuonetsa mlandu poyera koma kubisa nkhope ya wolakwiridwa, kuti manyazi agwere wolakwa.