TIMBILA ZINAFIKA BWANJI KU YUNIVESITE

Ku Zavala, m'cigawo ca Inhambane, kumakhala abale athu Achopi. Iwo ali ndi coimbira cochedwa mbila. Zikakhala zambiri amati timbila. Ife a ku Tete tingazifanizire ndi valimba yathu. Koma Achopi saimba mmodzimmodzi. Amasonkhana anthu khumi, makumi awiri, nthawi zina mpaka 30, aliyense ndi mbila yake. Ina ndi yaing'ono ya mau okwera, ina ndi yaikulu yolira pansi ngati ng'oma.

Mbila amaisema kucokera ku mtengo wa mwenje. Timatabwa take amatiumitsa pa moto. Pansi pa kathabwa kalikonse amamangapo cigoba ca cipatso conga dzaye, nacimata ndi phula la njuci. Wosema amapala pang'onopang'ono, akumvetsera, mpaka kathabwa ndi cigoba zitagwirizana mau. Nchito imeneyi munthu saiphunzira caka cimodzi.

Nyimbo zao zazikulu amazicha mgodo. Mgodo umodzi umakhala ndi zigawo pafupifupi khumi, ndipo umatenga nthawi yoyandikira ora lathunthu. Muli oimba, muli ovina, muli ndakatulo. Mgodo uli ndi mwini wake amene anaupeka, ndipo anthu amadziwa dzina lake. Pakapita caka kapena zaka ziwiri, iye amapeka wina watsopano.

Zoimbira izi ndi zakalekale. M'caka ca 1562 wansembe wina wa Cipwitikizi, André Fernandes, analemba kalata yonena za dera la Inhambane. M'kalatamo anafotokoza coimbira ca matabwa ndi zigoba cimene anaciona kumeneko. M'caka ca 1609 João dos Santos, amene anakhala ku Sofala nafikanso ku Tete, anatulutsa buku lochedwa Ethiopia Oriental. Iyenso anafotokoza zoimbira zimene anazicha ambira. Tsono Apwitikizi anazidziwa nyimbo zathu kwa zaka zoposa 400.

Anazidziwa, koma sanaziphunzitse. M'masukulu akulu a ku Ulaya, mbiri ya nyimbo inali mbiri ya anthu monga Bach, Mozart ndi Beethoven. Nyimbo za anthu awa zinalembedwa pa pepala, ndipo wophunzira ankatha kuziwerenga monga ife tikuwerengera buku lino. Nyimbo zathu sizinali pa pepala. Zinali m'mitu ndi m'manja mwa anthu. Cifukwa cake atsamunda ankati zilibe mbiri. Ng'oma zonse, kaya za ukwati, za maliro kapena za cinamwali, ankaziunjika pa dzina limodzi lakuti batuque.

Mwana wolowa sukulu ya mishoni ankaphunzira nyimbo za chalichi ndi nyimbo ya fuko la Portugal. Wofuna kukhala assimilado anayenera kusiya miyambo ya kwao. Kuno kwathu ansembe ankaletsa akhristu kupita ku nyau. M'caka ca 1962 atsamunda anakhazikitsa sukulu ya ukacenjede ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Ophunzira ake pafupifupi onse anali ana a azungu. Mmisiri wa timbila analibe malo m'menemo.

Munthu amene anayamba kuziphunzira timbila mozama anacokera kunja. Dzina lake ndi Hugh Tracey, Mngelezi wokhala ku South Africa. Kuyambira m'caka ca 1940 iye anapita kwa Achopi, nakhala pansi ndi oimba. Anayeza mau a kathabwa kalikonse. Anapeza kuti Achopi amagawa mau ao m'masitepe 7 otalikirana mofanana, mosiyana ndi piyano ya ku Ulaya. Sikuti mbila ndi yosokonekera mau ai. Ili ndi lamulo lakelake, ndipo amisiri amalitsata mosamala.

M'caka ca 1948 Tracey anatulutsa buku lochedwa Chopi Musicians. M'bukumo muli maina a opeka nyimbo, makamaka awiri: Katini ndi Gomukomu. Apa ndi pamene pali phindu lalikulu kwa ife. Tikawerenga ndakatulo za anthu awa, timapezamo msonkho, timapezamo cibalo, timapezamo mbalamatodya yomenyera m'manja. Timapezamo amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi akazi otsala okha m'mudzi. Timapezamo mafumu oikidwa ndi boma la atsamunda. Zimene munthu sakanatha kuzinena pa bwalo la administrador, ankaziimba masana poyera, anthu akuvina. Amene ankati tilibe mbiri anali kuimva mbiriyo ndi makutu ao osaizindikira.

Ku Zambezi kunacitika zonga zomwezo. Anchito a m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar anali ndi nyimbo yochedwa Paiva, yodandaula za nkhanza za kampani. Anaiimba mibadwo ingapo, akusintha mau malinga ndi mavuto a nthawi yao. Akatswiri awiri a mbiri, Leroy Vail ndi Landeg White, anaijambula m'zaka za m'ma 1970, naigwiritsa nchito ngati umboni polemba mbiri ya cigawoco.

Tracey timamuthokoza. Koma tinenenso kuti buku lake linali m'Cingelezi, ndipo mau amene anajambula anapita ku South Africa. M'caka ca 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo za mu Africa, International Library of African Music. Iye anamwalira mu 1977. Caka cotsatira mwana wake, Andrew Tracey, anaisamutsira nyumbayo ku Rhodes University. Motero mau a Katini analowa m'yunivesite ya dziko lina asanalowe m'yunivesite ya dziko lake. Andrew yemweyo anafikanso kuno ku Tete. Anaphunzira gule wa nyanga wa Anyungwe, mmene woimba aliyense amaliza zitoliro zake zocepa, nalowetsa mau ake pakati pa mau a anzake. Analemba za guleyu mu 1971.

Ufulu unabwera pa 25 June 1975. Mu 1976 yunivesite ya ku Maputo inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Mu 1978 kunacitika cikondwerero coyamba ca magule a dziko lonse, ndipo magulu anacokera m'zigawo zonse. Acinyamata anatumidwa m'midzi kukalemba maina a magule ndi zoimbira. Nkhondo imene inatha mu 1992 inabweza nchitoyi m'mbuyo. Midzi inabalalika, oimba ambiri anathawa, zoimbira zinapsa.

Timbila sizinafe. Mmodzi mwa anazisunga ndi Venâncio Mbande. Iye anagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya ku South Africa, akutsogolera gulu la timbila komweko. Pambuyo pake anabwerera ku Zavala kukaphunzitsa ana. Anamwalira mu 2015. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti timbila ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Caka comweco linalengezanso cimodzimodzi za Gule Wamkulu wa Acewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia.

Lero Yunivesite ya Eduardo Mondlane ili ndi sukulu yochedwa Escola de Comunicação e Artes, kumene nyimbo zimaphunzitsidwa mpaka digiri. Wophunzira angathe kuwerenga za Mozart, za marrabenta ya Fany Mpfumo ndi za mgodo wa Katini. Koma mbila saisemera m'kalasi. Wofuna kudziwa kucuna mau ake ayenera kukwera basi, kutsika ku Quissico, ndi kukapempha kwa mmisiri. Amisiri ambiri ndi okalamba. Mtengo wa mwenje umakula mocedwa, ndipo m'nkhalango za ku Zavala watsala wocepa.