Olosera za Masankho ku America

M'maiko mmene anthu amadzisankhira okha atsogoleri ao, sipalephera kukhala ena ofuna kudziwiratu wopambana tsiku la masankho lisanafike. Nchito imeneyi njobvuta, pakuti wolosera ayenera kudziwa zinthu ziwiri: anthu amene adzapitadi kukaponya voti, ndiponso munthu amene iwowo adzamsankha. Zimene zinacitika ku United States of America m'caka ca 1936 zionetsa bwino kubvuta kwace.

M'caka cimeneco Franklin Roosevelt, amene anali Pulezidenti kuyambira 1933, anapikisana ndi Alfred Landon, wolamulira cigawo ca Kansas. Panali magazini ina yochuka, dzina lace Literary Digest, imene inalosera molondola masankho a 1920, 1924, 1928 ndi 1932, kotero kuti anthu anaikhulupirira kwambiri. Eni ace anatumiza makalata ngati 10,000,000 kufunsa anthu za amene adzamsankha, nalandira mayankho oposa 2,000,000. Atawerenga onsewo analengeza kuti Landon adzapambana ndi mavoti 57 mwa 100 alionse.

Koma pamene mavoti enieni anawerengedwa mu November, Roosevelt anapeza pafupifupi 61 mwa 100 alionse, napambana m'zigawo 46 mwa zigawo 48 za dzikolo. Landon anangotenga ziwiri zokha, Maine ndi Vermont. Mbiri ya magaziniyo inaonongeka, ndipo m'caka ca 1938 inaleka kusindikizidwa.

Nanga colakwa cinali pati? Coyamba, maina ambiri anawatenga m'mabuku a anthu okhala ndi lamya ndi m'kaundula wa eni magalimoto. Zaka zimenezo zinali za umphawi waukulu umene unayamba mu 1929, ndipo osauka ndi osowa nchito, amene ambiri a iwo anakonda Roosevelt cifukwa ca thandizo la boma lace, analibe zinthu zoterezi. Caciwiri, mwa anthu anai olandira kalata, atatu sanayankhe konse. Amene anali okwiya ndi boma ndiwo anafulumira kuyankha, pamene okhutira ambiri anangokhala cete. Ofufuza a pambuyo pace anapeza kuti cifukwa caciwirici cinasokeretsa magaziniyo koposa coyamba cija.

Nthawi yomweyo George Gallup anafunsa anthu ngati 50,000 okha, koma anawasankha mosamala, olemera ndi osauka, a m'mizinda ndi a kumidzi, monga mwa kuculuka kwao m'dziko. Iye analosera kuti Roosevelt adzapambana, ndipo zinaterodi. Nzeru yace inafanana ndi ya mai wophika ndiwo, amene sayenera kudya mphika wonse kuti adziwe ngati mcere wakwana. Amangolawa pang'ono, koma poyamba amatakasa bwino. Literary Digest inalawa zambiri pamwamba pokha, osatakasa.

Ngakhale Gallup yemweyo anaphunthwa pambuyo pace. Pa masankho a 1948 iye ndi olosera anzace ananena kuti Thomas Dewey adzagonjetsa Harry Truman, naleka kufunsa anthu masiku a masankho asanakwane, poyesa kuti maganizo a anthu sadzasinthanso. Nyuzipepala ya Chicago Daily Tribune inafika posindikiza kuti Dewey wapambana mavoti asanathe kuwerengedwa. Kutaca kunamveka kuti wopambana ndiye Truman.

Kuyambira pamenepo olosera anaphunzira kusankha ofunsidwa mwa maere, kufunsabe kufikira masiku otsiriza, ndi kuyesa kupatula amene adzapitadi kukavota kwa amene angolankhula cabe. Komabe kulosera kumakhala kulosera ndithu. Munthu amene akhala pakhomo pa tsiku la masankho cifukwa wamva kuti wopambana wadziwika kale, aiwala kuti cowerengedwa potsiriza ndi voti yoponyedwa m'bokosi, osati yankho lopatsidwa kwa wofunsa.