Dziko Limene Linkathimitsa Magemu Pakati pa Usiku

Madzulo ena ndili pakhonde la malume anga ndinamva dandaulo limene aliyense wa ife analimvapo. Malumewo anali atawerama pabawo ndi mnzawo, pomwe mdzukulu wawo wa zaka 14 anali atazyolika pafoni, zala zikuvina pagalasi. Atamuitana katatu konse iye osayankha, malume anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ana a masiku ano nzeru zinawathera m'magemu. Ife pamsinkhu umenewu tinkadziwa kusema mpini." Mnzawo uja anavomereza uku akuwadyera nkhomo. Chimene chinandiseketsa mumtima n'chakuti akuluakulu awiriwa anali atakhala pabawopo kuyambira dzuwa lili paliwombo, ndipo nawonso anali ataitanidwa katatu kuti nsima ikuzizira.

Komabe funso la malumewo si lachibwana. Kodi n'zoona kuti m'badwo umene ukukula ndi masewera a pa intaneti uli ndi nzeru zochepa poyerekeza ndi makolo awo? Ngati n'zoona, ndiye kuti tikulera anthu amene sadzatha kusenza dziko. Ngati si zoona, ndiye kuti tikunyoza ana athu popanda mlandu, ndipo mwana wonyozedwa tsiku ndi tsiku amafika pokhulupirira kuti ndi mbuli. Nkhani yotere imafuna umboni, ndipo umboniwo mbiri yakale ili nawo.

Choyamba chimene mbiri imatiuza n'chakuti dandauloli ndi lakalekale. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato wa ku Greece analemba buku lotchedwa Phaedrus, mmene Socrates akusimba za mfumu ina ya ku Egypt imene inakayikira luso la kulemba poopa kuti anthu asiya kusunga zinthu pamtima. M'chaka cha 1859 magazini ya Scientific American inadandaula kuti achinyamata akutaya nthawi ndi masewera a chess, omwe lero makolo amawalipirira aphunzitsi kuti ana awo achenjere. M'chaka cha 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku loimba mlandu timabuku ta nthano zojambula kuti tikuwononga ana, ndipo aphungu a ku America anachita kuyitanitsa misonkhano yofufuza nkhaniyo. Mu 1993 aphungu a dziko lomwelo anakhalanso pansi chifukwa cha gemu yomenyana yotchedwa Mortal Kombat. M'badwo uliwonse wakhala ukupeza chilombo chake chimene akuti chikudya nzeru za ana.

Nanga nzeruzo zinadyedwadi? Munthu amene anayesa kuyankha ndi manambala anali James Flynn, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Otago ku New Zealand. Iye anasonkhanitsa zotsatira za mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ, ndipo mu 1984 anaonetsa kuti anthu a ku America anakwera ndi mapointi pafupifupi 14 pakati pa 1932 ndi 1978. Mu 1987 anapeza kukwera kofananako m'maiko 14. Tikagawa, ndi mapointi atatu pa zaka khumi zilizonse. Zaka zimenezi ndi zomwe zija wayilesi, kanema ndi timabuku tojambula zinkanenedwa kuti zikupusitsa ana. Ngakhale kuno ku Africa, kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti ana a kumidzi ya Embu ku Kenya anakhoza mayesowa bwino kwambiri mu 1998 kuposa anzawo a mu 1984, ndipo ofufuzawo analoza zakudya zabwino, makolo odziwa kuwerenga ndi mabanja a ana ochepa ngati zina mwa zifukwa zake.

Koma wina anena kuti izi ndi zakale, magemu a pa intaneti ndi chilombo china. Imodzi mwa magemu oyambirira a mtunduwu inabadwa mwakachetechete mu 1978 pamene ophunzira awiri a pa yunivesite ya Essex ku England, Roy Trubshaw ndi Richard Bartle, anayamba kupanga gemu yotchedwa MUD, mmene anthu angapo ankasewera limodzi polemba mawu pakompyuta. Kuti tione mphamvu yake yeniyeni tiyenera kupita ku South Korea, dziko limene linalowa m'masewerawa mwakuya kale kwambiri ndiponso limene linayesa kuwaletsa ndi lamulo.

Chakumapeto kwa 1997 chuma cha South Korea chinagwa pamodzi ndi cha maiko ena a ku Asia. Makampani anatsekedwa ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Boma la Kim Dae-jung, amene anatenga mpando mu 1998, linaika mtima pa kufalitsa intaneti yothamanga ngati njira imodzi yodzutsira chuma. Ena mwa anthu ochotsedwa ntchito aja anatsegula zipinda zodzaza makompyuta zotchedwa PC bang, mmene munthu amalipira pa ola. M'chaka chomwecho cha 1998 kampani ya Blizzard ya ku America inatulutsa gemu ya nkhondo yotchedwa StarCraft, ndipo inagwira achinyamata a ku Korea ngati moto wolusa m'tchire louma. Pofika mu 2000 kunali bungwe loyendetsa mipikisano ya masewerawa lotchedwa KeSPA, ndipo wayilesi za kanema zinkaulutsa mipikisanoyo monga ife timaonera mpira. Mnyamata wina, Lim Yo-hwan, anatchuka ngati woimba wamkulu chifukwa cha luso lake pa StarCraft.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2005 bambo wina wa zaka 28 anakomoka n'kumwalira mumzinda wa Daegu atasewera kwa maola pafupifupi 50 osapuma mokwanira. Mu 2010 dziko lonse linagwidwa ndi chisoni litamva za banja lina limene khanda lawo linafa ndi njala, makolowo atatanganidwa usiku wonse m'chipinda cha makompyuta. Makolo ndi aphunzitsi anafuula kuti boma lichitepo kanthu. Mu 2011 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Nthawi ikakwana, makampani ankayenera kuwatulutsa anawo m'gemu. Anthu analipatsa lamuloli dzina lakuti Cinderella, potengera mtsikana wa m'nthano amene ankayenera kuchoka kudansi pakati pa usiku. Ena anakalitsutsa kukhoti, koma mu 2014 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti lamulolo likhale.

Lamuloli linagwira ntchito zaka khumi, ndipo zipatso zake zinali zochepa. Ana ambiri ankangolowa m'gemu ndi nambala ya chiphaso cha bambo kapena mayi awo. Kafukufuku wina wa mu 2017 anapeza kuti nthawi yogona ya anawo inangowonjezeka ndi mphindi zosakwana ziwiri. Komanso lamulolo linkakhudza makompyuta, pomwe anawo anali atasamukira kale pamafoni. Mu 2021 nkhani inafika poseketsa pamene gemu ya Minecraft, imene ana a dziko lonse lapansi amamangiramo nyumba ndi timatabwa tongoyerekeza, inapezeka kuti ku Korea ikhala ya akuluakulu okha chifukwa cha mmene kampani yake inkatsatira lamulolo. Anthu anakwiya, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho boma linalengeza kuti lamulolo lithetsedwa. Linatha pa 1 Januwale 2022, ndipo m'malo mwake munatsala dongosolo lakuti makolo ndi ana awo azisankha okha maola osewera.

Tsono tifunse: kodi ana a ku Korea, amene anakulira m'zipinda za makompyuta, anasanduka mbuli? Pa mayeso otchedwa PISA, amene ana a zaka 15 a m'maiko ambiri amalemba, ana a ku Korea anapeza mapointi 527 pa masamu mu 2022, pomwe maiko olemera a m'bungwe la OECD anapeza 472 tikawaphatikiza. Mu 2023, pa mpikisano wa maiko a ku Asia mumzinda wa Hangzhou, timu ya Korea inapata mendulo ya golide pa gemu ya League of Legends, ndipo osewerawo anakhululukidwa ntchito ya usilikali imene anyamata a dzikolo amakakamizidwa kugwira. Boma lomwe lija linkathimitsa magemu pakati pa usiku linafika powalemekeza osewera ake ngati ngwazi. Izi sizikutanthauza kuti magemu ndiwo anawachenjeretsa, pakuti ana a ku Korea amakhalanso maola ochuluka zedi m'makalasi apadera akaweruka kusukulu. Zikungotionetsa kuti dziko likhoza kudzaza ndi magemu nzeru za ana ake osatha.

Chilungamo chimafuna kuti timvenso mbali inayo, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Kukwera kwa nzeru kumene Flynn anapeza kunaima m'maiko ena, ndipo kwina kunayamba kutsika. Mu 2018 ofufuza awiri a ku Norway, Bernt Bratsberg ndi Ole Rogeberg, anaunika mayeso a anyamata oposa 730,000 olembetsa usilikali, napeza kuti zotsatira zinafika pamwamba ndi anyamata obadwa mu 1975, kenaka n'kuyamba kutsika. Kutsikaku kunkaoneka ngakhale pakati pa mkulu ndi mng'ono wake a bere limodzi, kusonyeza kuti vuto silinali m'magazi koma m'mene anawo ankakulira. Taonani chaka chimenechi bwino. Mnyamata wobadwa mu 1976 analemba mayesowo cha m'ma 1994, StarCraft isanabadwe ndipo foni za magemu zisanafale. Choncho kutsikako kunayamba chilombo chimene tikuchiimba mlanducho chisanafike pamudzi. Nawo mayeso a PISA a mu 2022 anaonetsa kutsika kwakukulu, mapointi pafupifupi 15 pa masamu ndi 10 pa kuwerenga poyerekeza ndi 2018, koma pakati pa zaka zimenezi panali mliri wa Covid-19 umene unatseka sukulu kwa miyezi. Ndipo ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden, amene anatsatira ana masauzande a ku America kwa zaka ziwiri, analengeza mu 2022 kuti ana amene ankasewera magemu kwambiri anakwera ndi mapointi awiri ndi theka a IQ kuposa anzawo.

Ndiye vuto lili pati? Lili pa mmene malonda a magemu anasinthira. Kale gemu unkagula kamodzi, n'kuisewera mpaka kuimaliza. Magemu ambiri otchuka lero amalowedwa ulere, ndipo kampani imapeza phindu pokhapokha wosewera akakhalitsa n'kumagula tinthu ta m'katimo. Choncho amapangidwa mwadala kuti asakhale ndi mathero: pali mphatso ya wobwera tsiku lililonse, ndiponso timabokosi togula osadziwa za m'kati, timene dziko la Belgium linatiweruza mu 2018 kuti ndi juga. Mu Disembala 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America pa milandu yosonkhanitsa zinsinsi za ana ndi kukola osewera kuti agule zinthu mosafuna. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika chizolowezi chosalamulirika cha magemu m'ndandanda wa matenda, koma linafotokoza kuti ndi cha munthu amene walephera kudziletsa kwa miyezi yosachepera 12 mpaka sukulu, ntchito kapena banja kusokonekera, ndipo chimagwira anthu ochepa mwa osewera onse. Chimene magemu otere amadya ndi tulo, nthawi yowerenga ndi ndalama za m'thumba. Mwana wosagona amalephera mayeso ngakhale ali ndi mutu wakuthwa.

Kuno kwathu wayilesi ya kanema inangoyamba mu 1999, ndipo m'badwo umodzi wokha wadumpha kuchoka pa nthano za pamoto kufika pafoni ya m'manja. N'zosadabwitsa kuti akuluakulu ali ndi mantha. Koma ngati tikuderadi nkhawa nzeru za ana a Malawi, mbiri ya Embu ija itikumbutse kumene nzeru zimachokera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo kupinimbira kumabweza m'mbuyo kukula kwa ubongo. Ana ambiri oterewa sanagwirepo foni ya magemu. Mdani wamkulu wa nzeru zawo ali m'mbale yopanda ndiwo ndi m'kalasi yodzaza mpaka pakhomo.

Phunziro la Korea ndi lakuti boma silingalere mwana m'malo mwa kholo. Zaka khumi za lamulo zinapindula mphindi zosakwana ziwiri za tulo, ndipo pamapeto pake udindo unabwerera m'nyumba. Mtengo amauwongola uli waung'ono, ndipo wowongolayo amayenera kuudziwa mtengowo. Kholo limene silidziwa gemu imene mwana akusewera, amene akucheza naye m'katimo ndi ndalama zimene akulowetsamo, limangotsala ndi kunyoza basi.

Tsiku lija chakudya chitatha, ndinapempha malume kuti amuphunzitse mdzukulu uja bawo. Anakana poyamba, akumati mwana wa foni sangawerenge maenje 32. Pofika sabata yachitatu mnyamatayo anali atayamba kuona kumene nkhomo yomaliza igwere asanaigwire n'komwe, ndipo tsiku lina anawadya agogo akewo mpaka mzere wakutsogolo kuyera. Malume anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Bwera nayo foni yakoyo, undionetse chimene umachitamo." Usiku umenewo nsima inazizirira onse awiri.