Ciwindi ca Mai

Pa mseu wa Modderfontein, kum'mawa kwa Johannesburg, pafupi ndi mzinda wa Edenvale, pali nyumba zopimiramo magazi za bungwe lochedwa National Institute for Communicable Diseases. M'nyumba zimenezi ndimo munapimidwa magazi a kamwana kamene mbiri yace inazizwitsa madokotala a maiko ambiri m'caka ca 2018.

Luso loika ciwalo ca munthu m'thupi la mnzace silinayambe dzulo m'dziko la South Africa. M'caka ca 1966 madokotala a ku Johannesburg anaika impso m'thupi la wodwala, ndipo pa 3 December 1967 Dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wakufa m'cifuwa ca Louis Washkansky pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Washkansky anakhala ndi moyo masiku 18 okha, koma njira inali italambulidwa.

Pamene kacilombo ka HIV kanafika, madokotala anagwirizana kuti ciwalo ca munthu wa kacilomboka cisaperekedwe kwa wina. M'caka ca 2008 Dokotala Elmi Muller, wa pa Groote Schuur pomwepo, anayamba kutenga impso za akufa amene anali ndi HIV ndi kuzipereka kwa odwala amene analinso nako. Koma kupereka dala ciwalo cotere kwa munthu wopanda kacilombo kunali cikhalirebe cosaloledwa.

Tsono pa cipatala ca Wits Donald Gordon ku Johannesburg panali mwana wobadwa ndi njira za ndulu zotsekeka. Ndulu ikasowa potulukira imaononga ciwindi pang'ono pang'ono, ndipo kawirikawiri mwana wotere samakula akapanda kulandira cina. Ciwindi cili ndi mkhalidwe wodabwitsa, pakuti munthu wamoyo angathe kupereka gawo lace, ndipo cotsalaco cimaphukanso. Mai wa mwanayo anapempha kuti atenge cace. Anamkaniza, cifukwa iye anali ndi HIV pamene mwanayo analibe. Anapemphanso kangapo konse, wosatopa.

Ana ena pa cipatalapo anali kudikira ciwindi masiku ngati 49. Uyu anadikira masiku 181, nagonekedwa kawirikawiri ali kayakaya. Apa mpamene madokotala anaona kuti lamulo limene linaikidwa kuti licinjirize wodwala ndilo linali pafupi kumupha. Mbali yina kunali imfa yosakayikitsa, mbali yina nthenda imene masiku ano munthu amakhala nayo zaka zambiri akumamwa mankhwala. Maiyo anali kumwa ma ARV mokhulupirika, kotero kuti kacilombo sikanali kuonekanso m'magazi mwace. Akuluakulu oweruza nkhani zotere pa yunivesite ya Witwatersrand anaunika mlanduwo, nalola.

M'caka ca 2017 Dokotala Jean Botha ndi anzace anacita opaleshoniyo, mwanayo ali ndi miyezi 13. Anamyambitsa ma ARV opaleshoni isanacitike. Mai ndi mwana onse awiri anacira.

Funso linatsala nlakuti: kodi kacilombo kanalowa? Patapita masiku 43, m'magazi a mwanayo munaoneka zizindikilo zimene thupi limapanga pokomana ndi HIV, ndipo mitima inatsika. Koma Caroline Tiemessen ndi anzace, m'nyumba zija za pa mseu wa Modderfontein, anafunafuna kacilombo keni keniko ndi zipangizo zamphamvu, osakapeza konse. Zizindikilozo zinayamba kucepa, ndipo ena anaganiza kuti kapena zinacokera m'ciwindi ca mai.

Pouza dziko nkhaniyi mu October 2018, madokotalawo sanadzitame kuti adziwa zonse. Ananena poyera kuti njira yotsimikizira inali kumleketsa mwanayo mankhwala, ndipo pa nthawiyo panalibe wofuna kuyesa cotero pa moyo umene unapulumuka mobvutika. Maina a mai ndi mwana wace anawabisa.